Maliro a M'chitsanzo

Sendererani kuno, ndipo amene ali ndi chakudya m'kamwa ameze kaye, chifukwa nkhani iyi ili ndi fungo.

Kunali ku Limbe, nyengo ya chiperoni, pamene nkhungu imatsika m'mawa n'kukana kubwerera kwawo. Pamwamba pa sitolo ina ya nsalu panali kaofesi ka zipinda ziwiri, ndipo m'menemo munkagwira ntchito mtsikana wina wa ku Thyolo dzina lake Sungeni.

Kampani imene ankagwirako ntchitoyo inapanga kachipangizo ka pakompyuta kotchedwa Mlondola. Ntchito yake inali imodzi yokha. Imelo ikatumizidwa, Mlondola ankaitsata pambuyo n'kunena kuti yatumizidwa, yafika, yatsegulidwa, kapena yabwerera. Koma ofunsa Mlondola sanali anthu ayi. Anali mapulogalamu oganiza okha aja amene amati AI, amene mipingo, masukulu ndi mabungwe a maliro amawatuma kulemba makalata. Mu ofesimo ankangowatchula kuti atumiki. Mtumiki alibe miyendo, koma amafika ku Joni iwe usanameze malovu. Alibe makutu, koma kumvera kwake n'koopsa. Chimene wawerenga m'malangizo n'chimene amachita, osapendeka, osachita manyazi.

Ntchito ya Sungeni inali yoyesa malangizowo. Ankatenga mtumiki watsopano, wosadziwa kanthu, n'kumupatsa malangizo okhaokha, iye n'kukhala pambali kuonerera. Mtumiki akasochera, wolakwa sanali mtumiki, koma wolemba. Ndipo lamulo la ntchitoyo linali lakuti woyesa asawerengeretu malangizo, kuopa kuti angamuthandize mtumiki mosazindikira. Ankawerengera limodzi, mtumiki patsogolo, Sungeni pambuyo.

Wolemba malangizo a Mlondola anali Lameki. Eee, Lameki! Munthu wodyera chipisi pa kiyibodi, akamaliza n'kupukutira zala kunsi kwa mpando. Mano ankatokosa ndi waya wa sitepula, n'kuyang'ana chimene watokosacho asanachibwezere m'kamwa. Malangizo ake analinso chimodzimodzi, onona mafuta a dzulo.

"Lameki, apa walemba kuti zikavuta tumizaninso," anatero Sungeni m'mawa umenewo, maso ali pa sikirini. "Zikavuta bwanji? Atumizenso mpaka liti?"

"Mpaka zitheke, Madamu Insipekitala."

"Nanga poyeserera pali kuti? Sunalembe kuti mtumiki ayesere pati popanda kutumiza zenizeni."

"Iwe, mtumiki ndi wanzeru kuposa ine ndi iwe. Adziwa yekha."

Sungeni anangopukusa mutu n'kutsikira m'munsi mwa tsambalo. Kenako chala chake chinaima. Panali mutu wakuti chitsanzo cha imelo yobwerera, ndipo pansi pake panalembedwa motere: Tikukudziwitsani kuti bambo Jailosi Kamtedza atisiya. Mwambo wonse uchitikira pamalo pawo pantchito. Amuna bwerani ndi makasu.

"A Kamtedza ake ati awa?"

"Alipo angati ku Limbe kuno?" Lameki anaseka, chipisi chili m'kamwa.

Kuchokera pansi, pakhonde la sitolo, kunkamveka makina osokera akulira, tyetyetyetye. Amenewo anali a Kamtedza, telala wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi, apongozi ake a Lameki. Lameki anakwatira mwana wawo Enelesi ndipo ankakhala pamalo pawo ku Bangwe, chikamwini.

"Walengeza maliro a munthu wamoyo? Munthu amene umadya m'mbale zake?"

"Ndi chitsanzo chabe, iwe. Ukudziwa kuti mdala ameneyu amandidzutsa nkhuku zisanatsike kuti ndikakonze chimbudzi chake? Ine, munthu wa digiri? Ndipo mkamwini sayankha. Ndiye ndiyankhire kuti? Ndayankhira m'malangizo." Anadzinyambita chala chachikulu. "Usadandaule. Adiresi ya imeloyo ndinangogogoda kiyibodi ndi chigongono. Kulibe munthu kumeneko. Ibwerera yokha, n'chifukwa chake ndi chitsanzo cha yobwerera."

Sungeni anakankha mpando wake. Anatembenuka kuti aimitse mtumiki, koma mtumiki amawerenga mwachangu kuposa munthu. Anali atafika kale pa chitsanzocho, atachikopera chilembo ndi chilembo, atatumiza.

Mlondola anayankha kuti yatumizidwa.

"Dikira uone," anatero Lameki. "Ibwerera pompano."

Anadikira. Pansi paja makina anasiya kulira. Mlondola anayankha kuti yafika.

"Netiweki yapenga," anatero Lameki, koma kutafuna anasiya.

Nkhungu inakanikiza nkhope yake pawindo. Ndipo asanapumenso bwino, Mlondola anayankha kuti yatsegulidwa.

Tsiku limenelo palibe china chinachitika, kupatula kuti a Kamtedza anasowa tepi yawo yoyezera. Sungeni akuweruka anawapeza akufunafuna pansi pa makina, m'matumba a jekete, m'dengu la zigamba.

"Inali pakhosi pangapa, mwanangu," anatero. "Zaka zonsezi sinachokepo. Ndangomva ngati munthu akuisolola pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu. Kucheuka, palibe."

"Ipezeka, bambo," anatero Sungeni, koma sanathe kuwayang'ana m'maso.

M'mawa mwake fungo linamulonjera pa masitepe. Silinali la ngalande, limene aliyense wa ku Limbe amalidziwa ngati dzina lake. Linali lotsekemera pang'ono, lolemera, lomata kukhosi, ngati la nyama imene yagona m'pulasitiki. Mu ofesi munali ntchentche zobiriwira, zonenepa, m'mwezi wozizira umene ntchentche sizioneka. Sizinkauluka. Zinangokhala pa sikirini ya Sungeni, mondandalika, ngati zikuwerenga.

"Mwafera khoswe m'siling'i," anatero Lameki, atamanga mpango pamphuno. Komabe chipisi chake anagula, ndipo anadya, ntchentche zikutera pa icho iye n'kumangozikankha ndi chikhadabo.

Sungeni anayang'ana ntchito ya mtumiki. Anali atamusiya akugwira ntchito, monga mwa chizolowezi, kuti aone mapeto ake. Mlondola, amene ankadziwa mayankho anayi okha, anali atayankha lachisanu: anyamuka.

Mtumiki anafufuza yankho limeneli m'malangizo, sanalipeze. Ndiye anachita zimene malangizo ananena. Zikavuta, tumizaninso. Anatumizanso. Anyamuka. Anatumizanso. Anyamuka. Mzere wake unali wautali ngati wa anthu pa chigayo, ndipo cha kumapeto kwake yankho linasintha: ali m'njira.

Sungeni anamutseka mtumikiyo nthawi yomweyo. Koma kutseka pakamwa pa mthenga sikubweza mawu amene wanena kale. Anathamangira m'malangizo kufuna njira yobwezera uthenga. Mutu unalipo, wolembedwa ndi zilembo zazikulu zokongola, Kubweza Uthenga. Pansi pake panali liwu limodzi: tidzalemba.

"Tidzalemba!" anakuwa. "Liti, Lameki? Pa sadaka?"

"Usandikalipire ngati mkazi wanga. Ndani amabweza imelo? Aliyense amadziwa kuti ikapita yapita."

"Nanga mutuwu unaikiranji?"

"Kuti zioneke zambiri."

Sungeni anatsika kukafuna mpweya. Pansi paja anapeza mwini sitolo akuwerama m'mashelefu, akudandaula kuti mpukutu wa bafuta woyera wasowa, chitseko chili chokiya. A Kamtedza anali pampando wawo, atavala jekete ndi chipewa, akunjenjemera. Tiyi wawo anali atazizira m'kapu, ntchentche ikusambira m'menemo.

"Sakukoma," anatero. "Ndikumva ngati ndikumwa madzi otsukira mbale. Ndipo anthu lero achita mwano, mwanangu. Mayi wina wabwera kudzatenga diresi yake, watenga yekha pa hang'ala, wapukusa mutu, wati anali telala wabwino. Ine ndili pompano! Ndamupatsa moni, iye n'kumapita."

Pakhoma, kumbuyo kwa mpando wawo, panatsamira bango. Linali lalitali, latsopano, lodulidwa bwino mbali zonse. Sungeni anali mwana wa kumudzi, ankalidziwa bango lotere. Ndi limene adzukulu, anthu okumba manda aja, amayezera mtembo kuti dzenje likhale lokwana. A Kamtedza ataimirira kuti awongole msana, nsonga ya bangolo inalekeza ndendende pa liwombo pawo.

"Mwaika ndinu ili, bambo?"

"Liti?" Anayang'ana pakhomapo, maso awo n'kudutsa bangolo ngati palibe kanthu.

Apo m'pamene Sungeni anazindikira kuti fungo lija silinkachokera m'siling'i. Linkachokera pampando umenewo. Anadzida yekha chifukwa cha nseru imene inamugwira, poti mkuluyo anali waukhondo, wa kolala yosita, amene ankamusokera zipi osamulipiritsa. Koma mimba siimva zimenezo. Anathamangira kuseri n'kusanza.

Ali chiweramire kumeneko anamva kugunda. Du. Du. Du. Kunkachokera pansi pa nthaka, kapena kuseri kwa nkhungu, sanathe kudziwa. Kunali kugunda kwa makasu ambiri pa dothi lonyowa, kosathamanga, kwa anthu odziwa ntchito yawo.

Atakwera anapeza Lameki atakhala pa kompyuta, akulemba mwachangu, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira. Nayenso anali atamva.

"Ndapeza nzeru," anatero. "Titumize ina. Tinene kuti pepani, tinalakwitsa dzina. Tiikepo dzina lina."

"La ndani?"

"La aliyense! Wamisala uja wa pa depoti, amene amadya m'bini. Amati ndani? Kapena gogo wogulitsa mandasi uja, akutsokomola kale. Ndani angadabwe?"

Sungeni anamuyang'ana. Anaona mafuta akunyezimira pachibwano pake, kachidutswa ka kabichi pakati pa mano, maso ang'onoang'ono akuphethira mwachiyembekezo ngati a munthu amene wapeza njira yachidule. Fungo la pansi paja linali labwino poyerekeza ndi zimenezi.

"Chotsa zala zako pamenepo," anatero motsitsa mawu. "Ukangolemba dzina la munthu, ndikukankha pa masitepe ndi mpando womwewo."

Sanafunikire kutero. Magetsi anathima okha, monga amachitira ku Limbe, ndipo mu mdima wa masanawo foni ya Sungeni inawala. Unali uthenga womaliza wa Mlondola, umene unachedwa m'njira: afika.

Anasuzumira pawindo. Nkhungu inali itakhuthala moti sitolo za kutsidya kwa msewu zinasowa. Koma tsidyalo panali anthu. Amuna ataimirira m'mphepete mwa msewu, makasu pamapewa, osayankhulana. Maminibasi ankadutsa, makondakitala akukuwa kuti Bangwe, Bangwe, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawaitanira anthu aja. Inu mukumudziwa kondakitala. Amaitanira ngakhale mtengo. Koma awa ankawalambalala osawaona, monga phazi limalambalalira chithaphwi lokha.

"Tiye titsike," anatero Sungeni.

"Ine mutu ukundipweteka."

"Tiye!" Anamugwira kolala n'kumukoka.

Pakhonde panali podzaza amayi. Anakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, mitu atafunda. Zitenje zawo zinali za maluwa amene Sungeni sanawaonepo m'sitolo iliyonse, zofwifwa, zonyowa m'mphepete. Paliponse pamene anakhala panali dothi lakatondo. Mapazi awo Sungeni anawayang'ana kamodzi, ndipo sanabwerezenso. Sankalira. Ankangong'ung'udza pansipansi, nyimbo yopanda mawu imene inkamveka m'mano osati m'makutu.

Pakati pawo panali a Kamtedza, pampando wawo, mutu utagwera pachifuwa. Mpukutu wa bafuta uja unali pa miyendo ya mayi wina amene anakhala pafupi nawo, ndipo ankaung'amba ndi manja, pang'onopang'ono, kweee. Mwini sitolo anali m'kati, akuwerenga nyuzipepala pa kandulo, mpango uli pamphuno.

Sungeni anagwada monga amagwadira pa siwa. Dothi lija linali lozizira, loterera, ndipo linkayenda pang'ono pansi pa mawondo ake.

"Zikomo, amayi," anatero. "Tabwera kudzapepesa. Uthenga umene munalandira unali wolakwika. Bambowa ali moyo."

Mayi wong'amba nsalu uja anatukula mutu. Nkhope yake Sungeni ankaiona bwinobwino, koma akangophethira ankaiiwala, n'kuyambanso kuiona ngati yatsopano.

"Wolakwika?" Mawu ake anali ofewa, a munthu wotopa ndi ulendo. "Mthenga wanu wabwera kambirimbiri, mwanawe. Tikuti tikhale pansi, wagogoda. Tikuti tipume, wagogoda. Mawu omwewo, osasintha ndi limodzi lomwe. Wolakwitsa amabwereza chotero?"

"Anali kungotsatira zimene anamulembera."

"Anamulembera ndani?"

Sungeni anacheuka. Lameki anali atamatirira kukhoma, akuyesa kubisala kuseri kwa diresi yopachika.

"Ndi mkamwini wawo," anatero Sungeni.

Kung'ung'udza kuja kunasiya. Mitu yonse yofunda inatembenukira kwa Lameki nthawi imodzi. Panamveka kaphokoso ka madzi, ndipo Sungeni anaona buluku la Lameki likuda kuyambira pamwamba kutsika m'munsi.

"Chinali chitsanzo," analira Lameki. "Chitsanzo chabe, amayi. Nthabwala."

"Kwathu kulibe zimenezo," anatero mayiyo. "Kwathu uthenga ndi uthenga." Anabwerera ku nsalu yake. Kweee. "Ife taitanidwa, tabwera. Anyamata ayeza, akumba, amaliza. Dzenje lili kukamwa. Tilisiye chomwecho kuti lisankhe lokha? Likasankha lokha silitenga mmodzi."

A Kamtedza anapuma mokoka, ngati makina ofuna mafuta. Ntchentche inatera pa mlomo wawo, ndipo sanaiingitse.

Sungeni anatseka maso. M'mutu mwake munabwera chaka chimene msuweni wake anakokoloka ndi madzi a mtsinje wa Ruo. Anthu anakumba manda akuyembekeza kuti thupi lipezeka, koma silinapezeke. Akuluakulu sanalole kuti dzenje likwiriridwe lopanda kanthu. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga, analitchula dzina la malemuyo, n'kuliika m'manda ndi nyimbo zonse.

"Amayi," anatero, "nanga nthochi? Kwathu dzenje likasowa mwini timaikamo nthochi."

Manja a mayiyo anaima pa nsalu. Anayang'ana anzake. China chake chinadutsa pakati pawo ngati mphepo m'udzu.

"Mwana uyu analeredwa," anatero mayiyo. "Nthochi timalandira. Koma ibwere yovala, ndipo ibwere ndi dzina. Komanso ntchito ya pamaliro ndi ya mkamwini. Adule yekha, asenze yekha, akatule yekha."

Kuseri kwa sitolo, pamene ngalande ya m'tauni imakhuthulira zonse zimene Limbe wadya n'kutaya, panali phata la nthochi. Zinkamera mu uve wakuda wa thovu, pakati pa matewera otayidwa ndi mitu ya nsomba, ndipo zinali zonenepa mochititsa nseru. Sungeni anabwereka chikwanje kwa wogulitsa mizimbe n'kumupatsa Lameki.

"Nsapato zanga ndi zatsopano," anatero Lameki.

"Lowa."

Analowa. Uvewo unamumeza mpaka m'mawondo, n'kutulutsa mpweya wake wonse. Anatema kamodzi, kawiri, akulira ngati mwana. Thunthulo linkachucha madzi omata, otuwa, amene anayenderera m'mikono mwake mpaka m'khwapa. Litagwa, mphutsi zoyera zinatuluka m'tsinde mwake n'kumwazika pa malaya ake. Sungeni anagwira pakamwa, koma sanayang'ane kumbali. Anafuna kuti aone zonse.

Analikokera pakhonde. Sungeni anavula a Kamtedza jekete lawo mosamala, thupi lawo lili lopepuka ndi lozizira ngati mtolo wa zovala zonyowa, ndipo analiveka thunthulo. Anawavulanso chipewa. Amayi aja anasendera, manja ambiri anatuluka m'zitenje, ndipo posakhalitsa nthochiyo inali itakulungidwa m'bafuta, yomangidwa kumutu, m'chiuno ndi kumapazi. Inagona pa simenti ngati munthu ndithu. Sungeni analumbira pambuyo pake kuti anaona chifuwa chake chikukwera kamodzi n'kutsika.

"Akamwini," anatero mayi uja, "wagona apayu ndani?"

Lameki anayang'ana Sungeni. Anayang'ana apongozi ake.

"Nenani. Munalemba ndinu. Pakamwa pakuvuta chiyani pamene zala sizinavute?"

"Ndi... ndi a Jailosi Kamtedza."

"Sitinamve."

"A Jailosi Kamtedza!"

Apo amayi aja analira. Kulira kwake kunali kwa kanthawi kochepa, koma magalasi a sitolo ananjenjemera, ndipo agalu onse a ku Limbe anayankha. Amuna a makasu anawoloka msewu. Anamusenzetsa Lameki mtolowo paphewa, mmodzi anatenga bango lija pakhoma, ndipo onse analowa mu nkhungu, amuna patsogolo, Lameki pakati akudzandira, amayi pambuyo. Ntchentche zonse zinanyamuka pakhonde ndi m'mawindo a ofesi n'kuwatsatira ngati utsi.

Sungeni anatsala atagwada. Kenako anamva kutsokomola.

"Mwanangu," anatero mkulu uja, akusisita m'mikono, "jekete langa lili kuti? Ndipo njala imeneyi! Kodi wa mandasi uja wapita?"

Anadya mandasi onse amene anatsala m'beseni la gogoyo, n'kumwa tiyi wotentha makapu awiri, akuti sanamwepo tiyi wokoma chotero. Magazi anabwerera m'masaya mwawo. Mwini sitolo anatuluka n'kuwafunsa kuti lero anali kuti tsiku lonse.

Lameki anabwera dzuwa litapendeka, katondo mpaka m'chiuno, nsapato imodzi palibe. Kumene anapita sananene, ndipo mpaka lero sanena. Anasamba ndi sopo, anasamba ndi phulusa, anasamba ndi parafini. Fungo linachoka pakhonde, linachoka pa masitepe, koma m'manja mwa Lameki linakhala. Chipisi anasiya, chifukwa chilichonse chimene wagwira chinkamveka dzenje. Ankadya ndi supuni yaitali, nkhope atatembenuzira kumbali.

Komabe Lameki ndi Lameki. Patangopita masiku ochepa anakankhira mpando wake kufupi ndi wa Sungeni.

"Ndiye lipoti lija, Madamu Insipekitala, walemba zotani kwa bwana? Poti zonse zatha bwino. Munthu sanafe."

"Sendera uko, ukununkha." Sungeni sanachotse maso pa sikirini. "Ndalemba kuti malangizowa asapatsidwe kwa mtumiki wina aliyense. Sanena poyeserera. Sanena polekezera. Sanena chochita yankho likakhala lachilendo. Sanena kubweza kwake. Ndipo m'chitsanzo muli munthu."

"Ndachotsamo kale dzinalo!"

"Sunachotse ndiwe. Tsegula uone tsiku limene linachoka lokha."

Lameki sanatsegule.

Madzulo ake akuweruka anatsikira limodzi, Sungeni patsogolo kuti asapume mpweya wa mnzakeyo. Pakhonde makina ankalira mokondwa. Enelesi, mkazi wa Lameki, anali atabweretsera bambo ake jekete lina, ndipo anaima pambali maso ali ofiira.

"A Kamtedza, mwaswera bwanji?" anatero Sungeni.

Mkuluyo anapitiriza kusoka.

"A Kamtedza?"

Anaimitsa makina, anacheuka kumbuyo kwawo kuona amene akuitanidwa, n'kubwerera kwa Sungeni akumwetulira. "Mukufuna ndani, mwanangu? Pano ndilipo ndekha."

"Akungotero kuyambira tsiku lija," ananong'ona Enelesi. "Ndikati bambo, akuyankha. Adzukulu awo akati agogo, akuyankha. Kusoka akusoka, nyimbo za kutchalitchi akuzikumbukira zonse. Koma dzina lawo, ngakhale ulikuwe m'khutu, likungodutsa. Dzulo ku banki akanika kusaina. Agwira cholembera, n'kundifunsa kuti alembe chiyani."

Mkuluyo anali ataimirira, akuyang'ana kachikwangwani kamatabwa kamene kanapachikika pamwamba pa makina awo, ka utoto wosuluka. Anakawerenga pang'onopang'ono, akuloza ndi sizasi chilembo chilichonse.

"Jailosi Kamtedza, telala wa amuna ndi akazi," anatero. "Ndakhala ndikukayang'ana tsiku lonse. Ayenera kuti ndi amene ankasoka pano ine ndisanabwere. Dzina labwino, eti? Likumveka la munthu wofatsa." Anatembenukira kwa Lameki, nkhope ili yowala, yopanda chinyengo. "Akamwini, inu mumadziwa anthu ambiri m'tauni muno. Bambo amenewa munkawadziwa?"

Lameki anabisa manja m'matumba.

"Ndinkawadziwa," anatero.

"Ali kuti masiku ano?"

Lameki anazyolika. Minibasi inadutsa, nkhungu inatseka pambuyo pake.

"Ooo," anatero mkuluyo, akuvula chipewa chatsopano n'kuchigwira pachifuwa. "Pepani. Ndiye munapita nawo kumaliro?"

"Ndinapita."

"Mwachita bwino, akamwini. Mwachita bwino kwambiri. Anthu a masiku ano saperekezana." Anamugwira Lameki paphewa mwachikondi, kenako anakwinya mphuno, nachotsa dzanja lake, n'kulipukuta pa chigamba.